Nsalu ya suti yolembedwa Huddersfield m'mphepete, ndani akudziwa mbiri yake?

Telala wa ku Limbe: Moni nonse pa gulu. Funso langa likupita kwa inu muli ku UK. Kasitomala wandibweretsera nsalu ya suti ya ukwati, m'mphepete mwake mwalukidwa mawu akuti Made in Huddersfield England komanso Super 120s, nde akundiuza kuti ndisamale podula chifukwa ndi ya ndalama zambiri. Dzinali ndaliona kambirimbiri chiyambire utelala koma kodi Huddersfield ndi kampani kapena malo? Ndipo amapangadi nsalu kumeneko mpaka lero kapena angolemba kuti atidyere ndalama?

Nangozo wa ku Bradford: aTelala Huddersfield ndi tawuni, ili pafupi ndi kuno, tonse tili m'chigawo cha West Yorkshire pamodzi ndi Leeds, Halifax, Dewsbury ndi Batley. Dera lonseli linakula ndi ubweya wa nkhosa basi, kulikonse mungaloze muona zinyumba zazikuluzikulu zamiyala zokhala ndi chumuni chachitali, onsewo anali mafakitale a nsalu. Ambiri anatsekedwa kalekale, ena anawasandutsa nyumba zogona ena maofesi ena angokhala mabwinja, koma ochepa akugwirabe ntchito ndipo Huddersfield ndi imene inatchuka ndi nsalu za suti zapamwamba. Koma zolemba m'mphepetezo musazikhulupirire kwambiri, aliyense atha kulemba kkkk

Chimwene wa pa Joni: Bwana Telala osavutika, dulani kachidutswa m'munsi muyatse ndi machesi. Ubweya weniweni umanunkha ngati mukuwawula mbuzi, moto wake suchedwa kuzima ndipo phulusa lake mukalifikisa ndi zala limangonyenyeka. Ikakhala polyester imasungunuka n'kupanga kampira kolimba kakuda, fungo lake la pulasitiki

Telala wa ku Limbe: Ndayatsa achimwene. Fungo la mbuzi lilipo ndithu koma pakutsalanso kolimba pang'ono, nde ndi yosakaniza imeneyi. Mwini wake ndimuuza mawa mwaulemu kkkk. Nanga 120 uja ndi chani?

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Nambala imeneyo imanena za kupyapyala kwa ubweya umene anagwiritsa ntchito, ikamakwera ndiye kuti ubweyawo ndi wosalala kwambiri, koma sizitanthauza kuti nsaluyo ikhalitsa ayi, yopyapyala kwambiri sichedwa kutha pa mawondo ndi pa zigongono. Ndipo aTelala dziwani kuti nsalu za ubweya zili mitundu iwiri. Pali ya ubweya waufupi umene amangousakaniza n'kuupota choncho, imatuluka yokhuthala yaubweyaubweya, ndiyo ya mabulangete ndi majekete olemera aja, amaitcha woollen. Kenako pali ya ubweya wautali umene amayamba aupesa kuti tsitsi lililonse ligone mbali imodzi, waufupi wonse uchoke, ulusi wake umakhala wosalala wolimba, imeneyo ndiye worsted ya masuti. Bradford ndi Huddersfield anatchuka ndi yachiwiriyi, Dewsbury ndi Batley ndi yoyambayo.

Koma chimene ndimafuna ana athu adziwe ndi chakuti England sinabadwe ndi mafakitale. M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 iwo anali alimi ogulitsa ubweya wosakonza, amaulongedza m'matumba kupita nawo ku Flanders, kumene kuli Belgium lero, anthu a ku Bruges, Ghent ndi Ypres ndi amene amaluka nsalu n'kumadya phindu lenileni. Mfumu Edward III anaika msonkho waukulu pa ubweya wotuluka kunja komanso anaitana akatswiri oluka a ku Flanders m'ma 1330 kuti adzakhazikike ku England. Mpaka lero wapampando wa House of Lords, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku UK, amakhala pa chithumba cha ubweya chotchedwa Woolsack, kukumbukira kumene chuma chawo chinachokera.

Mlimi wa ku Ngabu: Aphunzitsi mwandikhudza pamenepo. Nde kuti azungu nawonso anagulitsapo zosakonza ngati mmene ife timachitira ndi thonje? Ife kuno timalima, kupopera mankhwala mpaka chifuwa, kukolola pa dzuwa la ku Chigwa kuno, ogula abwera ndi sikelo atenga, akachotsa njere mabelo ulendo kunja. Chitenje chikamabwera kuchokera kunja mtengo wake umadabwa kuti kodi si thonje langa lomwe lija ili

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Anagulitsapo zedi bambo, kwa zaka mazanamazana. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo atatsimikiza zoti azipanga okha nsalu sanachite manyazi ndi malamulo. Kuyambira m'ma 1600 mpaka m'ma 1820 kunali koletsedwa kutulutsa ubweya wosakonza kunja kwa dziko, ozembetsa usiku pa maboti kupita ku France amasakidwa ngati mbava. Mu 1699 anakhazikitsa lamulo loletsa Ireland ndi madera awo a ku America kugulitsa nsalu za ubweya kunja kuti asapikisane nawo. Nsalu za thonje zamaluwamaluwa za ku India zitayamba kukondedwa ndi azimayi ku London, oluka ubweya analira, boma linaziletsa kulowa mu 1700, ndipo mu 1721 linaletsa ngakhale kuvala kumene. Ndiye pali lamulo limene ana a Fomu 3 amaseka nalo nthawi zonse ndikamawauza, la mu 1666 limene analimbitsanso mu 1678, lakuti munthu akamwalira aikidwe atakulungidwa mu nsalu ya ubweya wa ku England basi, achibale amayenera kukalumbira kuti atero, akapanda kutero chindapusa cha mapaundi 5, zomwe zinali ndalama zambiri nthawi imeneyo.

Mai a Kaunjika, Lilongwe: Kkkkkk mpaka maliro kugula lokolo mokakamiza? Koma azungu

Chimwene wa pa Joni: Lero ife tikati titseke boda pang'ono amatiuza kuti msika uzikhala waufulu. Mxiii

Nangozo wa ku Bradford: Ndiwonjezere pa za aphunzitsi. Poyamba kunalibe mafakitale, anthu amaluka m'nyumba mwawo m'mapiri a Pennines umu, mayi ndi ana kupota ulusi bambo kuwomba nsalu pa chipinda cham'mwamba, n'chifukwa chake nyumba zakale za kuno zili ndi mawindo ondondozana m'mwamba kuti kuwala kuzilowa. Akamaliza mpukutu umodzi amaunyamula kupita nawo ku msika. Ku Halifax kuli chinyumba chokongola chotchedwa Piece Hall, chinatsegulidwa mu 1779, chili ndi tizipinda 315 tozungulira bwalo, ndipo malonda amachitika Loweruka lokha kwa maola awiri okha belu likalira basi aliyense azipita. Lero muli mashopu ndi malo odyera, oimba amapangiramo mashowo. Chinathandiza derali ndi madzi, mitsinje yochokera m'mapirimu madzi ake ndi abwino kutsukira ubweya sopo amachita thovu msanga, komanso amazungulitsa mawilo a makina, kenako pansi pake panapezeka malasha. Ndipo chimene chinandiseketsa ku museum ya ku Armley Mills ku Leeds ndi nkhani ya mkodzo, ubweya umachoka pa nkhosa uli ndi mafuta ambiri nde amautsuka ndi mkodzo wa anthu wogonera, kumakhala migolo m'makwalala munthu amazungulira ndi ngolo kutolera khomo ndi khomo

Mai a Kaunjika, Lilongwe: Asisi inu mukunama kkkk suti ya bwana kutsukidwa ndi mkodzo?

Nangozo wa ku Bradford: Zoona mayi, kale limenelo, mkodzo ukagonera umasanduka ammonia nde umachotsa mafuta bwinobwino. Pano amagwiritsa ntchito mankhwala musaope kkkk

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Makina atabwera ndi pamene zinthu zinatembenuka. John Kay anapanga flying shuttle mu 1733, munthu m'modzi n'kumaluka nsalu yotambalala imene kale imafuna anthu awiri, ulusi unayamba kuperewera, ndiye kunabwera makina opota, spinning jenny ya James Hargreaves m'ma 1760 ndi mule ya Samuel Crompton mu 1779. Makinawa anayamba kugwira kwambiri pa thonje ku Lancashire, ubweya unatsatira mochedwerapo chifukwa ulusi wake suchedwa kuduka. Ku Leeds Benjamin Gott anamanga fakitale ya Bean Ing mu 1792 n'kusonkhanitsa ntchito zonse pamalo amodzi.

Osaganiza kuti anthu anaombera m'manja. Kunali amisiri otchedwa croppers, ntchito yawo inali kumeta nsalu ikatha kulukidwa kuti isalale, amagwiritsa ntchito chisizasi chachikulu cholemera makilogalamu oposa 20, amalandira bwino ndipo amanyada. Kutabwera makina ometa anaona kuti basi atha. Mu 1812 anayamba kuyenda usiku atadzipaka zakuda kumaso kukaphwanya makina ndi nyundo zikuluzikulu, ndi amene timawatcha ma Luddite. Nyundozo amazitcha Enoch chifukwa wosula zitsulo wa ku Marsden, Enoch Taylor, ndi amene amapanga nyundozo komanso makina ometawo. Mu April chaka chimenecho anaukira fakitale ya Rawfolds ya William Cartwright koma anapeza asilikali akuwadikira mkati, ma Luddite awiri anafa ndi zipolopolo, patapita masabata ochepa anawombera n'kupha mwini fakitale wina William Horsfall pa njira akuchokera ku msika wa Huddersfield. Mu January 1813 anthu 17 ananyongedwa ku York. Makina anapitirira.

Wa ku Kabwe: Ndangolowa kumene ndikuwerenga zonse. Aphunzitsi nanga za ana ogwira ntchito zija zinali zoona kapena amakokomeza?

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Sakokomeza achimwene. Ana a zaka 7, 8 amalowa m'mawa kusanache kutuluka usiku, ntchito yawo kulumikiza ulusi ukaduka ndi kukwawa pansi pa makina akuyenda kutola zinyalala, akawodzera kapitawo ndi lamba. Mu 1830 Richard Oastler analemba kalata mu nyuzipepala ya Leeds Mercury kudzudzula anthu a ku Yorkshire kuti mukufuula zothetsa ukapolo kutali pamene m'mafakitale a ku Bradford muli ana akugwira ngati akapolo. Lamulo la 1833 ndi limene linaletsa ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a ubweya ndi thonje, a zaka 9 mpaka 13 asapitirire maola 9 pa tsiku komanso azipita ku sukulu maola awiri, koma oyendera kuti aone ngati lamuloli likutsatidwa anali anayi okha dziko lonse. Lamulo la maola 10 la amayi ndi achinyamata linabwera mu 1847.

Ndipo ife nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene timaganizira. David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre ya ku Scotland m'nyumba ya chipinda chimodzi ya ogwira ntchito pa fakitale ya thonje, analowa ntchito ali ndi zaka 10 yolumikiza ulusi yomweyi, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku kenako sukulu. Mishoni ya Blantyre yathuyi ya mu 1876 inatenga dzina la mudzi wa fakitale umenewo.

Mlimi wa ku Ngabu: Ndipo atafika kuno ku Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje kale, akupota okha ulusi n'kumawomba nsalu ya machila, amuna ndi amene amawomba. Nsalu imeneyo imayenda malonda kutali mpaka kumagulira zinthu. Madera ena amasula chiwondo cha makungwa. Nde tisamanene ngati nsalu tinaiona ndi azungu, chimene chinapha luso limenelo ndi nsalu zotchipa za m'mafakitale zimene zinadzaza ndi amalonda, kenako atsamunda anafuna kuti tizingolima thonje lopita ku Lancashire tipeze ya msonkho, British Cotton Growing Association inaika makina ochotsa njere ku Port Herald, Nsanje ya lero

Nangozo wa ku Bradford: Eya bambo. Koma ndikuuzeni za Bradford yeniyeniyo chifukwa anthu amangomva kuti inali likulu la ubweya pa dziko lonse osadziwa kuti munali motani. Mu 1801 munali anthu pafupifupi 13,000, pofika 1851 anapitirira 100,000, nyumba zothithikana, zimbudzi zochepa, utsi wa malasha tsiku lonse, kamtsinje ka Bradford Beck kanasanduka ngalande ya zonyansa ndi utoto, ana amafa ambiri asanakule ndipo mu 1849 kolera inapha anthu mazanamazana. Kunalinso matenda a osankha ubweya, munthu amatsegula belo lochokera kunja kupuma fumbi lake patapita masiku ochepa wapita, anadzazindikira pambuyo pake kuti ndi anthrax, mpaka ena amangoitcha matenda a ku Bradford.

Nde pali mkulu wina Titus Salt, ameneyu analemera ndi ubweya wa alpaca, kanyama ka ku Peru, mu 1836 anapeza mabelo ake atangokhala mu nyumba yosungira katundu ku Liverpool palibe owafuna, iye anayesayesa mpaka anapeza njira youlukira pamodzi ndi ulusi wa thonje n'kutuluka nsalu yonyezimira imene azimayi olemera anaikonda. Anakhalapo meya wa Bradford mu 1848, kenako anasamutsa ntchito zake zonse kupita kunja kwa tawuni m'mbali mwa mtsinje wa Aire ndi ngalande ya maboti ya Leeds ndi Liverpool, njanji ili pomwepo. Fakitale anaitsegula pa 20 September 1853 tsiku limene amakwanitsa zaka 50, munali makina oluka 1,200, antchito pafupifupi 3,000, pa tsiku amatulutsa mayadi 30,000 a nsalu. Anamanga mudzi wonse, Saltaire, nyumba zoposa 800 zamiyala, sukulu, chipatala, tchalitchi, malo osambira ndi ochapira, nyumba za okalamba, paki, koma bala ngakhale imodzi ayi. Misewu anaipatsa mayina a mkazi wake ndi ana ake kkkk. Fakitale inatsekedwa mu 1986, Jonathan Silver anaigula chaka chotsatira n'kuikamo zojambula za David Hockney ndi mashopu, mu 2001 UNESCO inaika mudziwu pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Mukabwera kuno ndi malo oyamba ndingakutengereni, kulowa ndi ulere

Telala wa ku Limbe: Ameneyo nde anali bwana wabwino. Mabwana a masiku ano angamange chipatala cha antchito?

Chimwene wa pa Joni: Wabwino pati aTelala? Nyumba ya bwana, sukulu ya bwana, tchalitchi cha bwana, ukayambana ndi kapitawo m'mawa madzulo katundu ali panja. Amene tinakulira m'nyumba za kampani pa esiteti tikudziwa, bambo sayankhula pa msonkhano chifukwa akuganiza za denga. Ndipo zoletsa bala zija sichinali chikondi, amafuna anthu afike pa ntchito Lolemba ali bwinobwino komanso asapeze pokumana kukambirana za malipiro

Nangozo wa ku Bradford: Achimwene zonse ziwiri ndi zoona, koma mukanakhala mayi wa ana asanu mu 1855 kusankha pakati pa chipinda chapansi chonyowa mkati mwa Bradford ndi nyumba ya ku Saltaire yokhala ndi chimbudzi chakechake kuseri, simukanafunsa kuti bwana akuganiza chani mumtima. Ine wankhanza ndimamuona Samuel Lister wa Manningham Mills, chumuni chake chimaoneka tawuni yonse mpaka lero. Iyeyu analemera ndi makina opesa ubweya amene anathetsa ntchito ya anthu masauzande opesa pamanja, kenako n'kumapanga velvet. America itakweza msonkho wa katundu wolowa mu 1890, McKinley Tariff, iye anauza antchito Khrisimasi itayandikira kuti malipiro adulidwa, ena mpaka 25 pa 100 iliyonse. Anthu pafupifupi 5,000 ananyanyala kuyambira December mpaka April 1891, ambiri azimayi, njala inawagonjetsa anabwerera pa malipiro odulidwa omwewo. Koma mkwiyo umenewo ndi umene unabala Independent Labour Party imene inakhazikitsidwa konkuno ku Bradford mu 1893, imodzi mwa mizu ya chipani cha Labour. Msonkho womwewo unagwetsanso kampani ya Salt mu 1892 mpaka inagulidwa ndi ena

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Mwaona, America nayo inateteza mafakitale ake ndi msonkho, ovutika anali a ku Bradford.

Mai a Kaunjika, Lilongwe: Ndikuona kumene nkhaniyi ikulowera, pomaliza muti kaunjika ndi amene anapha mafakitale athu. Ndayamba kale kukonzeka kkkk

Nangozo wa ku Bradford: Kkkk mayi dikirani, bizinesi yanu azungu anaiyamba kalekale mwa njira ina. Cha m'ma 1813 Benjamin Law wa ku Batley anapeza njira yong'amba nsanza za ubweya ndi makina mpaka zibwerere kukhala ubweya, kusakaniza ndi watsopano pang'ono n'kulukanso, amaitcha shoddy. Batley ndi Dewsbury analemera ndi nsanza, zimabwera pa sitima kuchokera maiko ambiri kumagulitsidwa pa okushoni, azimayi kumazisankha mitundu ndi manja, n'kupanga mabulangete ndi mayunifolomu a asilikali. Ntchito imeneyo pano kwambiri ili ku Prato ku Italy ndi ku Panipat ku India, majuzi otha ntchito amakathera kumeneko n'kusanduka mabulangete otchipa

Chimwene wa pa Joni: Pa mabulangete ndilowepo. Aja amafunda Asotho okongola aja poyamba amapangidwa ku England konko n'kumabwera pa sitima, pano amapangidwa kuno ku Randfontein ndi kampani ya Aranda imene inayambitsidwa ndi banja lochokera ku Italy m'ma 1950. Ndipo kuno nkhosa za merino zilipo zambiri ku Karoo ndi Eastern Cape, kuphatikiza mbuzi za angora za mohair, pafupifupi theka la mohair wa pa dziko lonse amachokera kuno, okushoni yake imachitikira ku Gqeberha, Port Elizabeth yakale. Koma chodabwitsa ubweya wambiri umakwera sitima wosakonza kupita ku China. Nde ngakhale Joni ndi chimodzimodzi. Agogo athu a nthawi ya Wenela akamabwera ndi bulangete lolemera ndi jekete mudzi wonse umadziwa kuti munthu wabwera

Telala wa ku Limbe: Nanga nkhosa zathuzi sitingamete?

Mlimi wa ku Ngabu: Kkkk aTelala nkhosa zathu ndi za nyama, zili ndi tsitsi lalifupi lolimba ngati la mbuzi zomwe, simungapote ulusi. Ife chathu ndi thonje, Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima, Mangochi, Karonga

Wa ku Kabwe: Nanga anagwa bwanji a ku Yorkshire ngati anali ndi zonsezo?

Nangozo wa ku Bradford: Pang'onopang'ono. Maiko amene amagula anamanga mafakitale awo, kunabwera nylon, polyester ndi acrylic zotchipa zosavuta kuchapa, anthu anasiya kuvala suti ndi chijasi cholemera tsiku lililonse poti m'nyumba ndi m'galimoto mukutentha, eni mafakitale ambiri anakakamira makina akale pamene Italy imagula atsopano. Nkhondo yachiwiri itatha azungu eni ake anayamba kuzithawa ntchitozi, phokoso lake anthu amagontha mpaka oluka anaphunzira kuwerenga milomo, nde kunabwera a ku Poland, Ukraine ndi Italy, kenako m'ma 1950 ndi 1960 amuna ochokera ku Pakistan makamaka dera la Mirpur, ambiri anasamutsidwa ndi damu la Mangla. Iwowa amagwira shifiti ya usiku chifukwa lamulo limaletsa azimayi kugwira usiku pamene makina amayenera kuyenda osaima. Atangokhazikika kuitanitsa mabanja, m'ma 1970 ndi 1980 mafakitale anayamba kutsekedwa motsatizana. Agogo ena amene ndimawasamalira ku ntchito anagwirapo m'menemo, ukawayankhula umayenera uwayang'ane kumaso. Wool Exchange kumene amalonda amapangira mitengo ya ubweya pano ndi shopu ya mabuku. Alimi a nkhosa kuno amadandaula kuti ndalama ya ubweya nthawi zambiri siikwana kulipira wometa. Otsala ndi amene anasankha zodula, monga Hainsworth ya ku Pudsey ya mu 1783 imene imapanga nsalu yofiira ya asilikali olondera kunyumba ya mfumu, ndi Abraham Moon ya ku Guiseley ya mu 1837

Wa ku Kabwe: Nde zikufanana ndi kwathu kuno. Mulungushi Textiles inamangidwa ndi thandizo la China, inayamba ntchito kumayambiriro kwa m'ma 1980, inali yolemba anthu ambiri mu Kabwe mgodi utatsekedwa, inaima mu 2007 tawuni inazizira. Kafue Textiles nayo inagwa. Salaula ndi zitenje zotchipa zakunja zinadzaza msika boda itatsegulidwa m'ma 1990

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Ndipo David Whitehead yathu ya ku Makata, Whitex, dzinalo ndi la banja la ku Rawtenstall ku Lancashire limene linayamba za thonje mu 1815. Anatsegulanso ku Zimbabwe, Chegutu ndi Kadoma. Kuno inabwera m'ma 1960, Lonrho ndi boma anali ndi magawo, imapota, kuluka ndi kudinda pamalo amodzi kuchokera ku thonje lathu lomwe, anthu masauzande amagwira mashifiti, a ku Ndirande akukumbukira. Msika utatsegulidwa inayamba kufooka, Lonrho inachoka m'ma 1990, boma linaigulitsa kwa Mapeto mu 2003. Ine mfundo yanga ndi imodzi, England inateteza nsalu zake zaka zoposa 300 isanayambe kulalikira za msika waufulu, ife tinapatsidwa zaka zosakwana 30.

Mai a Kaunjika, Lilongwe: Aphunzitsi ndi ulemu wonse, ine ana anayi ndaphunzitsa ndi belo, wina ali ku koleji pano. Nthawi imene mukuitamayo ndimaikumbukira, kumudzi mwana amakhala ndi malaya amodzi ong'ambika kumsana, juzi inali ya ana a mabwana, June akafika timangowothera moto. Lero mayi wa ganyu amagulira mwana wake jekete yotentha pa mtengo woti angakwanitse. Mukatseka kaunjika mawa fakitale yake ili kuti, magetsi ake ali kuti oti makina ayende usiku wonse, forex yogulira utoto ndi zipangizo ili kuti? Mudzangotsegulira njira ozembetsa pa Mchinji ndi Dedza basi, ovutika akhale osauka omwewo. Azungu anuwo mwanena nokha kuti zinatheka ndi ana a zaka 7 ndi anthu kunyongedwa

Chimwene wa pa Joni: Apa mayi alasa. Rwanda inayesa, maiko a East African Community anagwirizana mu 2016 kuti athetse kaunjika, America itaopseza kuwachotsa mu AGOA, dongosolo lowalola kugulitsa katundu ku America popanda msonkho, Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo, Rwanda inakana kutsitsa msonkho umene inakweza kuchoka pa masenti 20 kufika madola 2.50 pa kilo, mu 2018 anaichotsera mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho. Zovala zinakwera mtengo ndipo zambiri zimene zinalowa m'malo mwake ndi zatsopano za ku China

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Mayi sindikunena kuti titseke belo lanu mawa ayi. Benjamin Gott amene ndinamutchula uja anakula ndi maoda a mabulangete ndi nsalu za asilikali pa nkhondo za Napoleon, kasitomala wamkulu anali boma. Ife tili ndi apolisi, asilikali, andende, anamwino, mashiti ndi makatani a m'zipatala, mayunifolomu a ana a sukulu mamiliyoni. Zimenezo sizipikisana ndi kaunjika wanu. Zikanati nsalu yake yonse izichokera ku thonje la ku Ngabu lopotedwa ndi kulukidwa konkuno, ndi kontirakiti ya zaka zingapo yoti mwini fakitale akhoza kupita nayo ku banki, makina akanagulidwa.

Telala wa ku Limbe: Pamenepo nde ndavomera, yunifolomu ndimasoka January ndi September aliyense koma mpukutu ndikagula kwa amwenye umakhala wochokera kunja, wambiri ndi polyester yotentha ana amangotuluka thukuta. Atatipatsa ya thonje yolimba yosasuluka pa mtengo wofanana palibe telala angakane

Mai a Kaunjika, Lilongwe: Pa mtengo wofanana, mwanena nokha aTelala. Ikadula ndi K500 yokha pa mita makolo adzathawa, ndimawadziwa ine ndimakhala nawo pa msika tsiku lililonse

Mlimi wa ku Ngabu: Inu mukukangana za fakitale koma kuno anthu ambiri anasiya thonje analowa chitowe ndi nandolo, mbewu yodula mankhwala odula ogula amabwera mochedwa. Fakitale yanuyo ikadzatsegulidwa muyambe mwatiuza mtengo wa pa kilo tisanadzale, apo ayi mudzaitanitsa thonje kuchokera ku Mozambique